Khutu la pa Mzere Wachinayi

Ku Dongguan, m'fakitale ya nsanjika zisanu,
anzanga amalipidwa chifukwa cha manja awo.
Ine anandilemba khutu.

Lamba amabwera nato tiwiritiwiri ngati mapasa,
timasipika takuda, topepuka ngati kapu yopanda madzi,
toti tikakhale uku ndi uku kwa kompyuta ya munthu amene sindidzamuona.
Ndimalumikiza waya, ndimadina batani,
kaphokoso koyesera kamayambira pansi penipeni,
kamakwera, kamakwera,
mpaka kuonda ngati kulira kwa udzudzu.
Masekondi asanu ndi awiri basi.
Kakadutsa mosalala, chidindo chobiriwira.
Kakalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, m'dengu lofiira.

Pa katoni analembapo kuti muli mabingu.
Mabingu ake ati
m'kabokosi kosaposa chibakera changa?
Ng'oma ikalira m'menemu
imakhala ngati mlendo wamanyazi akugogoda pakhomo pa eni.
Gitala wa bezi amangolowa n'kusowa.
Ukati ukweze, pulasitiki amayamba kutsokomola,
woyimba n'kumveka ngati watsina mphuno.

A Qiu, akapitawo athu, ali ndi awo kunyumba,
a matabwa, ofika m'chiuno,
mtengo wake malipiro anga a miyezi inayi.
Amati tathuti ndi zidole za ana.
Sindiwatsutsa.
Koma tathuti mtengo wake ndi mbale zitatu za mpunga wa pa kantini,
ndipo mwana wa sukulu akhoza kumanga mimba masiku awiri n'kutigula.

Lachinayi lina kamodzi kanagwera m'dengu lofiira
chifukwa cha kamng'alu pangodya,
mawu ake alibe banga.
Ndinakapempha. Anandidula theka pa malipiro.
Ndinakabisa m'jekete pamodzi ndi kanzake, mvula ikuwaza.

M'chipinda chathu timagonamo asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikizana.
Kompyuta yakale ya Meixiang imakhala pa sutikesi.
Lamlungu madzulo tinaimbira kwathu ku Guizhou.
Chaka chonsechi Duoduo ndinkamumvera pa foni yosweka,
mawu ake opyapyala ngati waya wa fyuzi.
Tsiku limenelo anati, "Amayi, dzino lachoka,"
ndipo ndinamva mpweya ukuthawira pampata,
kamluzu kakang'ono kamene iye sakudziwa kuti akuimba.
Kumbuyo kwake bambo anga ankakoka mpando,
mwendo umodzi uja waufupi ukugunda pa simenti.
Mvula yakwathu inali pa matailosi.

Meixiang anasiya kupesa tsitsi.
Wa pabedi lapamwamba, yemwe sitilankhulana, anasuzumira pansi
ngati mwanayo wakhala pa sutikesipo.

Zomwe timasipikati sitingathe ndimazidziwa kuposa aliyense,
ndimazimva ka zikwi ziwiri pa tsiku.
Pansi sitifika, pamwamba timalumira lilime.
Koma mawu a mwana sakhala pansi, sakhalanso pamwamba,
amakhala pakati,
pomwe ngakhale maginito ochepa ngati khobidi amafikapo.

Usiku makutu anga amalira okha,
kaphokoso kaja kakukwerabe ngakhale lamba anazima kale.
Adokotala a pafakitale akuti lakumanzere layamba kutopa.
Sindinawauze a Qiu.

Lolemba ndabwereranso pa mzere wachinayi.
Waya, batani, masekondi asanu ndi awiri.
Ndimapendeketsa mutu, lakumanja patsogolo.
Aka kakupita kwa wina wowerengera mayeso pakati pa usiku,
aka mwina kwa mlonda,
aka sindikudziwa, koma kakunjenjemera, ayi, m'dengu.

Kathu ka mng'alu kaja kamangogwedezeka pa sutikesi
Duoduo akaseka kwambiri.
Ndakayalira sokosi pansi pake.